Tegwared ndi Maliro Awiri a Idnerth

Tegwared mwana wa Heilyn sanali mlakatuli wamkulu. Ndiyambe ndanena zimenezo, chifukwa masiku ano, poti mwini wake anatsikira kuli chete, aliyense kuno ku Penllyn akufuna kumukweza mpaka kumitambo, ngakhale omwe aja ankamukankhira mafupa a tsekwe nyama atakukuta okha. Anali mlakatuli wapakatikati, wa mawu aakulu ndi miyendo yolimba, ndipo pa ntchito imeneyi miyendo ndi imene inkadyetsa munthu. Moyo wake wonse anapeka ndakatulo imodzi yokha imene anthu akuikumbukabe. Imeneyo ndi imene inamudanitsa ndi mkazi wa mnzake wapamtima, mayi amene analumbira kuti Tegwared sadzapondanso pakhomo pake. Komatu m'nyumba ya mayi yemweyo ndi mmene Tegwared anadzafera, atafunditsidwa bwino.

Anabadwira m'kanyumba ka miyala kumtunda kwa nyanja ya Tegid, mafumu athu a Wales atagonja kale kwa Angerezi. Agogo ake anaimbako m'nyumba za mafumu. Pofika nthawi yake nyumba zoterozo zinali mabwinja, kunangotsala eni minda a m'zigwa, anthu a nkhosa zambiri ndi mayina aatali a makolo, ofunitsitsa kuti wina aziwatchulira mayinawo mokweza. Bambo ake ankafuna kuti mwanayo azingoweta. Koma amalume ake, amene anali mlakatuli, anamumva tsiku lina akutukwana nkhosa yothawa ndi mawu ogwirana bwino, basi n'kumutenga.

Luso lathuli ndi lankhanza. Mzere uliwonse umathyoledwa pakati, ndipo maliwu a mbali yoyamba amayenera kumvekanso ku mbali yachiwiri mwa dongosolo lomwelo, monga munthu akaitana kutsidya kwa mtsinje mnzake n'kuvomera. Mzere wosayankhidwa amalume aja ankautcha wamasiye, ndipo pa mzere wamasiye uliwonse Tegwared ankalandira ndodo ya m'miyendo. Zolemba panalibe. Zonse zinkasungidwa m'mutu, ndipo munthu ankapeka akuyenda, ndodo ikugunda pansi kutsatira kayendedwe ka mawu. Chizolowezicho sichinamuchoke. Alakatuli olemera ankayenda ndi woimba zeze wawo, koma Tegwared ankadziimbira yekha, akugunditsa ndodo yake pamwala wa pambali pa moto.

Ntchito yake inali ya pamsewu. Pa Khirisimasi, pa Pasaka, pa Pentekosite, paukwati ndi pamaliro, ankakwera ndi kutsika mapiri athuwa kulondola komwe kukufuka utsi wa madyerero. Oumira ankawatamanda kuti ndi opatsa, amantha kuti ndi mikango ya pankhondo, ndipo mowa wa uchi wothiridwa madzi ankautcha mtsinje wa golide. Musamuweruze. Mwini nyumba ankadziwa kuti ndi bodza, Tegwared naye ankadziwa, koma woumira akatamandidwa pagulu ankachita manyazi n'kupha nkhosa ina, ndiye anthu onse ankadya. Sanakwatire. Ankati palibe mkazi angadikire munthu amene nyumba yake ndi msewu, ndipo pamenepo analakwa, chifukwa mkazi wotere analipo, kungoti anali wa mnzake.

Mnzakeyo anali Idnerth wa ku Mawddwy, kuseri kwa mpata wa phiri. Anali wamfupi, wonenepa, wa ndevu zofiira, ndipo pakamwa pake pankatsekeka pokhapokha mkamwamo mukhale nyama. Anakumana paukwati wina ali anyamata, pa nthawi ija alakatuli amaloledwa kunyozana poyera kuti anthu aseke. Idnerth anaimba kuti Tegwared ndi wautali ngati nyengo yosala kudya ya Lenti, komanso wouma chimodzimodzi. Tegwared anayankha kuti Idnerth ndi mbiya ya mowa imene Mulungu anaiika miyendo mwangozi. Kuyambira tsiku limenelo anakhala pa ubwenzi wa ponda apa nane mpondepo. Ankayendera limodzi, kugona m'khola limodzi, kunyozana m'nyumba iliyonse, ndipo mawu abwino sanauzanepo ngakhale amodzi.

Mkazi wa Idnerth anali Generys, mayi wosalankhulalankhula, amene ankasunga munda, ng'ombe ndi mwana wawo wamkazi Mabli mwamuna ali kumapiri. Tegwared akafika ankamulandira bwino, "alamu, alamu," ndipo pochoka ankamuikira tchizi ndi mkate wa barele m'thumba. Za ndakatulo analibe nazo ntchito. Ankati ndi zochita za amuna oopa chikwakwa.

Kenako kunabwera mliri waukulu uja umene unapulula anthu dziko lonse. Sindikufuna kunena zambiri za chaka chimenecho. Awiriwa anaimba maliro ochuluka moti mawu anasiya kukoma mkamwa; ankangosintha dzina la wakufa, zina zonse n'kusiya momwemo. Mliri utadutsa, tsiku lina akupuma pampata, nkhosa zopanda mwini zikudya mowazungulira, Idnerth anavula nsapato n'kuyamba nkhani.

"Iwe Lenti, tamvera. Talira agalu onse a dziko lino. Nanga ine adzandilira ndani?"

"Mkazi wako. Mwinanso ophika mowa."

"Ndikunena ndakatulo, mutu wakowo. Iweyo udzayamba kufa ndiwe, ndi kachifuwa kakoko. Ndiye ine adzandiimbire ana a dzulodzulowa? Ndilire panopa, makutu ndikadali nawo."

"Ukufuna ndikuphe?"

"Ndiphe, koma mwaulemu. Ukamaliza, ine ndidzakupha chaka chamawa."

Sinali misala. Pakati pa alakatuli mwambowu ulipo kuyambira kale: mnzako amene ukumulemekeza umamupekera ndakatulo ya maliro akadali moyo, n'kuiimba iye ali pomwepo, chifukwa wakufa samva kanthu. A m'nyumba zikuluzikulu amaudziwa mwambowu. Anthu a kumidzi, a ng'ombe ndi chikwakwa, ambiri saudziwa, ndipo palibe mlakatuli anaganizapo zoti awauze.

Tegwared anayamba ngati zocheza. Nyengo yokolola yonse ankayenda ndi ndodo yake kufunafuna mizere, ndipo anadabwa kuona kuti mizereyo ikubwera yokha. Atangoyerekeza kuti pa benchi palibe Idnerth, kuti pampata akukwera yekha popanda wina wodandaula za mawondo kumbuyo kwake, anaima chilili panjira. Anali munthu woyamba kale imvi, wopanda mkazi, wopanda mwana, ndipo apo ndi pamene anazindikira kuti mbiya ya mowa ija ndiye m'bale wake yekhayo padziko. Zonse zimene sakanatha kumuuza pamaso anaziika m'ndakatulomo. Sanasungeko kanthu.

Anaiimba pa Khirisimasi m'nyumba ya Gwion, mwini minda ya ku Cefn Gwyn, masana anthu atakhuta. Idnerth anakhala kumanzere kwake, malo ake a masiku onse, mwendo wa tsekwe uli m'manja. Poyamba anthu ankamwetulira poona wakufa akutafuna. Koma ndodo itagunda kangapo kumwetulirako kunatha. Ndakatuloyo sinatchule mikango kapena golide. Inatchula nsapato zong'ambika, mkonono wa m'khola, ndi tsiku limene Idnerth anabereka Tegwared kumuwolotsa mtsinje wodzaza, akumutukwana njira yonse. Akazi anayamba kupukuta m'maso. Kenako inafika pamene woimba wakwera phiri yekha n'kuitana:

Ndaima pampata, mphepo ili kumaso,
ndaitana chigwa, ndaitana phiri:
Idnerth, mnzanga, uli kuti?

Tegwared anagunditsa ndodo n'kulephera kupitiriza. Munthu wamkulu, pamaso pa nyumba yonse, anatsala pang'ono kulira ngati mwana. Idnerth anaona. Anaimika mwendo wa tsekwe m'mwamba n'kukuwa:

"Ndili pano, chitsiru iwe! Thirani mowa, wakufa ali ndi ludzu!"

Nyumba yonse inafa nako kuseka. Gwion anatsamwa, agalu anauwa, ndipo m'phokosomo Tegwared anapeza danga lomeza misozi n'kumaliza mizere yotsala. Anadziwa kuti mnzake wamupulumutsa ku manyazi, ndipo Idnerth anadziwa bwino chimene wamva. Potuluka Idnerth anangomumenya paphewa n'kuti, "Pa nsapato paja wanama, zinali zatsopano."

Masiku onse a Khirisimasi anthu ankaipemphabe, ndipo inatuluka m'nyumbamo monga zimatulukira ndakatulo zabwino, m'kamwam'kamwa. Woimba wina woyendayenda, wa aja amatola ndakatulo za eni ake n'kumadyera, anaimva kwa mnzake pamsika wa ku Bala. Anatola mizere yonse mpaka kumapeto, koma za mwendo wa tsekwe palibe anamuuza. Anadutsa pampata chipale chofewa chisanatseke njira, ndipo Lamulungu, anthu akutuluka mu Misa ku Mawddwy, anaima pakhomo pa tchalitchi n'kuyamba kuimba ndi nkhope yachisoni, poti nayenso ankakhulupirira kuti ndi zoona. Generys anali pomwepo, atagwira Mabli padzanja.

Akanakayika bwanji? Inali ndakatulo ya maliro, yopekedwa ndi mnzake wa mwamuna wake, yotchula ngakhale nsapato zimene iye ankasoka ndi manja ake. Mawa lake chipale chinatseka mpata, ndipo panalibe wopita kukafunsa kapena wobwera kudzatsutsa. Idnerth anali ku Cefn Gwyn, akuwotha moto wa Gwion n'kumanenepa. Kwawo belu linalira. Ansembe anachita Misa ya wakufa. Generys anapereka mwinjiro wofiira wa mwamuna wake kwa wopemphapempha wa patchalitchi, monga timachitira, ndipo analira mpaka mawu anasasa. Woimba uja, amene nayenso chipale chinamutsekera m'mudzimo, Generys ankamuitana kawirikawiri, kumupatsa mkaka kuti amuimbirenso, poti manda oti akalirepo analibe. Abale a mwamuna sanachedwe. Anayamba kuyendera munda m'malire, n'kumukumbutsa mwaulemu kuti mwa lamulo lathu mkazi wamasiye salandira munda, ndiye ayambe kuganiza zobwerera kwawo. Generys anamanga katundu. Nyengo yozizira yonse anakhala pakati pa mitolo, akudikira kuti njira itseguke.

Njira itatseguka, amene anatsika pampata anali Idnerth, akuimba, Tegwared ali pambuyo. Munthu woyamba kukumana naye anali wopemphapempha uja, atavala mwinjiro wofiira.

"Iwe! Mwinjiro wangawo wautenga kuti?"

Wopemphayo anangoti maso tong'o, kenako n'kuliyatsa liwiro akuitana Maria Woyera. Akazi a pachitsime anati balala, mitsuko n'kusiya pomwepo. Amuna awiri aja atamva nkhani yonse anaseka mpaka kugwirana, ndipo anafika pakhomo akusekabe. Ine ndimati pamenepo ndi pamene analakwitsa kwambiri, kuposa ndakatulo imene.

Generys sanathawe. Anatuluka ali wowonda ngati wadwala chaka, n'kugwira mwamuna wake kumaso, ndevu ndi makutu. Atatsimikiza kuti ndi munthu, anatembenukira kwa Tegwared.

"Ndakatulo ija munapeka ndinu?"

"Alamu, ndi mwambo chabe. Ndi ulemu umene ife alakatuli..."

"Musanditchule alamu. Inu mumati mukusewera? Ine ndaika mwamuna m'manda mumtima mwangamu. Mwanayu wakhala akugona ndi misozi nyengo yonseyi. Abale awo agawana kale munda ndi maso. Inu muli uko mukudya tsekwe." Sanakweze mawu. "Bambo a Mabli alowe, kwawo n'kuno. Koma inu, ine ndili moyo, pakhomo pano musadzapondenso."

Idnerth anayesa nthabwala, koma palibe anaseka. Tegwared anatembenuka n'kukweranso phiri tsiku lomwelo, thumba lopanda tchizi.

Mayiyo anasunga mawu ake. Zaka zinapita, Mabli anakula n'kukwatiwa, ndevu zofiira zinachita imvi, koma Tegwared akaperekeza mnzake ankalekezera pa mpanda wa miyala wa kumunsi kwa munda. Ankakhala pamenepo kudikira, akumva zitseko zikutsekulidwa ndi kutsekedwa, mpaka Idnerth atsike ndi kanthu kobisa m'malaya.

"Akuti bwanji?"

"Akuti tchiziyu ndi wa galu. Ndiye ndabwera naye kwa mwini wake."

Tsiku lina pampanda pomwepo Tegwared anati, "Bwanji tingoisiya ndakatulo ija? Mwina mtima wawo ungatsike."

"Uisiye? Iwe, pachaka chonse ndi tsiku lokhalo limene munthu amandinena zabwino ine ndikumva. Ukaisiya ndikufadi."

Ananena akuseka, koma Tegwared anaona kuti si nthabwala, ndiye sanaisiye. Inasanduka sewero la pa Khirisimasi ku Cefn Gwyn. Chaka ndi chaka Tegwared ankaimirira, Idnerth kumanzere kwake, anthu akudikira malo aja milomo ili yokonzeka. Ndodo ikagunda, "Ndili pano, chitsiru iwe!", nyumba n'kugwa nako kuseka. Mizere yomaliza yachisoni ija sinkagwirizananso ndi chikhakhali, ndiye Tegwared anaichotsa n'kupeka ina yoseketsa, yokalipira wakufa wosadziwa kugona. Patapita zaka yachisoni ija anaiiwala. Ngakhale abusa ankaitanizana m'mapiri kuti, "Uli kuti?" wina n'kuyankha, "Ndili pano, chitsiru iwe!" ndipo Generys ankazimva zimenezo akukama ng'ombe. Ndakatulo ya maliro a Tegwared ija, imene Idnerth analonjeza, chaka chilichonse inkakhala ya chaka chamawa.

Idnerth anamwalira nthawi yomweta udzu, pakhomo pake, atadwala masiku ochepa. Tegwared anali kutali kumpoto paukwati, ndipo anabwerako maliro ataikidwa kale. Ena atamva uthengawo anayamba aseka kaye, kuyesa ndi sewero lija. Tegwared sanaseke. Mabli, amene tsopano anali mayi wa ana ake, anamupeza atakhala pakhomo pa kanyumba kaja kumtunda kwa Tegid, ndodo ili pamiyendo.

"Bambo, amayi andituma. Akuti pakatha mwezi kuli Misa yokumbukira, ndiye mubwere mudzaimbe. Mlakatuli sangapite chonchi ngati mwana wa ng'ombe."

"Anena okha amayi ako?"

"Okha. Koma akuti ikhale yatsopano. Ijayi safuna kuimvanso. Akuti bambo anga anasekedwa mokwanira ali moyo."

Kwathu kuno munthu wopita popanda ndakatulo timamuona ngati sanaikidwe bwino, nanji mlakatuli. Tegwared anadziwa kuti ichi ndi chinthu chomaliza chimene angamuchitire mnzake, ndiponso kuti chitseko chimene chinatsekedwa zaka zonsezi chatsegulidwa pang'ono. Anatenga ndodo n'kuyamba kuyenda. Anazungulira nyanja, anakwera kumene ankaphunzirira ndi amalume ake, anakafika mpaka pampata. Palibe chinabwera. Mzere uliwonse wabwino umene unkafika unali wa ndakatulo yakale ija, ndipo ukapanda kukhala umenewo unkakhala wa mikango ndi golide, wa ija ankaimbira eni minda nthawi ya mliri. Anayesa kuyambira pa ndevu, pa mawondo, pa mtsinje. Zonse anali atanena kale. Chisoni chinalipo, chochuluka kuposa chija, koma mawu ake anali atawamwaza pa phwando. Mwezi unatha ali chimanjamanja.

Anapitabe. Misa itatha, anthu anasonkhana pabwalo la nyumba ya Idnerth, poti m'nyumba sakanakwanamo. Panali a ku Mawddwy, a ku Penllyn, Gwion wokalamba atabwera pa kavalo, ndi alakatuli achinyamata atatchera makutu kuti amve chimene mkuluyo wabweretsa. Tegwared anaima pa mpanda wa miyala paja. Generys anatsika kudzakumana naye, tsitsi lonse loyera, nkhope yosasuntha.

"Mwabwera nayo?"

"Ayi, mayi. Ndayesa. Mulungu ndi mboni, ndayenda mpaka mapazi kutupa. Zonse ndinathera mu ija."

"Ndiye mwadzatani?"

Tegwared anagwetsa nkhope. Anayembekeza kuti amubweza, ndipo akanabwerera osadandaula. Koma mayiyo analankhula motsitsa mawu kuti ena asamve.

"Chimwalirireni bambo a Mabli, diso langali silinagwetse kanthu. Ndawasambitsa ndekha, ndawaika, maso ali gwa. Akazi a m'mudzi muno akundinena kuti ndine mwala. Misozi yanga inathera pa bodza lanu lija. Ndiye tafanana. Imbani yomweyo. Koma wina akangoseka, inu ndi ine tisadzaonanenso, ngakhale kumwamba."

Tegwared anaima pakati pa bwalo, pafupi ndi mwala wonolera zikwakwa, n'kugunditsa ndodo pamwalapo. Mawu ake anali atachepa ndi ukalamba. Anthu atazindikira mzere woyamba anayang'anizana, ndipo iye anaona chimene ankaopa: milomo ikuyamba kukokeka yokha, mwa chizolowezi, pankhope za anthu amene anaiseka ndakatuloyi kuyambira ali ana. Pa nsapato zong'ambika wina kumbuyo anatulutsa mpweya m'mphuno n'kudzigwira pakamwa. Tegwared anapitirizabe. Pa mkonono wa m'khola anthu anayang'ana pansi. Pa mtsinje paja mawu ake ananjenjemera, koma anadutsapo. Kenako anafika pa kuitana kuja.

Idnerth, mnzanga, uli kuti?

Ndodo inagunda. Ndipo Tegwared, munthu amene ankadziwa bwino lomwe kuti mnzake wagona kuseri kwa tchalitchi, anatembenuza mutu kumanzere n'kudikira. Sanachitire dala; khosi linatembenuka lokha. Anthu onse anatembenuka naye, ndi Gwion yemwe, kuyang'ana malo opanda munthu pambali pa mwala. Kunali zii. Kumtunda nkhosa inalira. Zaka zonsezo palibe anamvapo kutalika kwa malo amenewo akakhala opanda woyankha. Milomo ija inagwa, ndipo Gwion anaphimba nkhope ndi chipewa.

Tegwared anagwira njakata. Mizere imene inali pakamwa pake inali yoseketsa ija, yokalipira wakufa, ndipo yachisoni ija anaifunafuna m'mutu osaipeza. Ndodo inali m'mwamba.

"Sayankha lero, alamu," anatero Generys. "Malizani mmene ndinaimvera ine."

"Ndinaiwala," ananong'ona Tegwared.

Mayiyo sanaiwale. Anthu ena onse ndakatuloyo anali ataizolowera ngati sewero. Iye yekha anaisunga ili yoona, ndipo inagona naye nyengo yozizira yonse ija pakati pa mitolo ya katundu. Anayamba ndi mawu ouma, osaimba, kungonena:

Palibe wovomera. Mphepo yokha
ikutsika phiri ndi nkhosa.
Chikho chako n'chovundikira...

Pamenepo mawu anathyoka. Anadzigwira pachifuwa n'kulira kulira kumene anakusowa mwezi wonse, mokweza, Mabli atamugwirira. Tegwared anatsitsa ndodo pamwala, ndipo mzere womaliza unabwera wokha, uja wa mawu a amalume ake:

ndipo mzere wanga watsala wamasiye.

Palibe anaseka.

Anthu atayamba kulowa kukadya, Tegwared anatola thumba lake n'kulunjika ku mpanda wa miyala, monga ankachitira zaka zonsezo. Generys anamuitana ali pakhomo, maso ali psuu.

"Mukupita kuti ndi miyendo imeneyo? Lowani, alamu. Pa benchi pali malo."

Analowa. Ndodo anaiimika kuseri kwa chitseko, ndipo sanaimbenso ndakatulo imeneyo kapena ina iliyonse. Ku Cefn Gwyn sanamufunsenso, ndipo abusa a m'mapiri athu akamaitanizana masiku ano amangotchulana mayina. Anakhala kumeneko ku Mawddwy, akuthandiza kudyetsa ng'ombe, mpaka kachifuwa kaja kanamutenga m'nyengo yozizira. Generys ndiye anamusambitsa. Ndakatulo ya maliro ake palibe anapeka, poti amene analonjeza anali atatsogola akunenabe kuti chaka chamawa.